Chonyamulira Abambo

Lolemba, 6 Okutobala

Pa kompyuta chinthuchi n'chokongola moti ndikachiyang'ana ndimadzisirira ndekha. M'mawa wonse ndakhala ndikuchizunguliza pa sikirini ngati mwana wapatsidwa chidole. Miyendo iwiri ya mateyala yolowa kunsi kwa bedi, mzati, mkono wautali pamwamba, lona wokhalapo wodwala, chopukusira kumbuyo. Ukapukusa munthu akwera, umukankha, umutsitsira pa chikuku. Palibe wothyoka msana. Ndi ntchito yathu yomaliza pa digiri ya uinjiniya wa makina. Ikakanika, chaka chamawa ndidzakhala m'kalasi imodzi ndi ana amene panopa amandipatsa ulemu.

Ku wekishopu ndiye nkhani ina. Chimene chiliko ndi mulu wa mapaipi ndi P.

P. ndi Pafupifupi, amene a Dokotala, otiyang'anira pa ntchitoyi, anandiphatikiza naye. Dzinali analipata chaka choyamba. Ukamufunsa ngati chitsulo wadula molingana ndi pulani, yankho ndi lomwelo. Ine amanditcha Milimita. Ndinkayesa n'chiyamikiro mpaka tsiku lina ndinamva mmene amalitchulira ndikatuluka. A Dok. anati atiika pamodzi kuti mwina tikaphatikizana patuluka injiniya mmodzi wabwinobwino. Kalasi yonse inaseka. Inenso ndinaseka, mochedwa.

Lero P. wadula mapaipi a miyendo ndisanafike. Ndayeza, ina yaposa inzake. Ndamuonetsa tepi. Akuti, "Nawenso miyendo yako unaiyezapo?"

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tsiku langa pa makina osemera zitsulo. Ndimasema shafiti, chitsulo chozungulira chimene chingwe chizikulungikapo. Chiyambire sukulu ino makinawa ndakhala ndikuwazemba. Anzanga amagwira, ine n'kumati ndilemba lipoti, aliyense n'kusangalala. Lero kunalibe kothawira.

Ndasema pang'ono, ndayeza. Ndasemanso, ndayezanso. Zinakwana bwinobwino. Kenako ndaona ngati pamwamba pake sipakusalala mokwanira, ndati ndingodutsitsapo komaliza. Komaliza kuja kwabala kena. Mmene ndimati ndilowetse beringi, mphete yachitsulo yoyenera kulowa pa shafitiyo mothina, yangolowa yokha, yatulukira mbali inayo, yagwera pa nsapato yanga.

P. waitola, waipukuta pa ovolosi yake, wandipatsa. Bola akanaseka.

Shafiti ija ndaibisa m'chikwama. Ndi yosalala, yonyezimira, zoti ilibe ntchito ungadziwe pokhapokha utaiyesa. Tafanana.

Lachinayi, 9 Okutobala

Shafiti yachiwiri yatheka. Ndasiya kusema manja akufunabe.

Tamangirira mzati ndi mkono mongoyembekezera kuti tione maonekedwe. P. wabwerera m'mbuyo, wapendeketsa mutu, akuti, "Nyamalikiti." Khosi lalitali, miyendo yotangadza. Ndakana, ndati chinthuchi chili ndi dzina lake lalitali la pa pulani. Pofika masana ngakhale a Dok. amafunsa kuti Nyamalikiti yafika pati.

P. sadziwa kuti ndikupangira abambo. Kusukulu kuno palibe amene ndamuuza, ndinangoti ndi cha odwala olephera kudzuka okha. Sindifuna nkhope zachisoni, komanso sindifuna a Dok. aziganiza kuti ndikupemphetsa malikisi ndi matenda a kwathu.

Iye naye ali ndi zake. Chaka chino akubwereza. Akuti amayi ake anasoketsa kale diresi lodzavala tsiku lolandira digiri, chaka chatha, ndipo amamuimbira kumukumbutsa kuti likuyamba kuwathina.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndapita kwa atelala ndi lona ndi pulani yake. Ayang'ana pulaniyo, aitembenuza, aitembenuzanso. "Thewera limeneli ndi la ndani, mwanangu?" Ndawafotokozera kuti si thewera. Akuti chabwino, ndibwere Lolemba ndidzatenge thewera langa.

Loweruka, 11 Okutobala

Kunyumba. Ndafika amayi akuwachotsa abambo pabedi. Ndinali ndisanaonepo bwinobwino mmene amachitira, nthawi zonse ndimapeza atamaliza. Amawakhazika m'mphepete mwa bedi, abambo n'kuwakolekera dzanja lamanzere m'khosi, lamanja lili lende, amayi n'kuwagwira pa lamba, kupuma mozama, n'kudzuka nawo. Abambo ndi chimunthu. Sitiroko inawalanda mbali imodzi koma kulemera inawasiyira konse. Amayi amawalekeza paphewa. Atawakhazika pa chikuku anaima kaye atagwira khoma, akunamizira kuwerenga kalendala. Achimwene amabwera kudzathandiza akaweruka kuntchito, koma munthu sadikira kuti wina aweruke kuti apite kuchimbudzi.

Abambo akadali ndi wezulo yawo ya nthawi imene ankayimbira mpira. Poti mawu amatuluka movutikira, amaitanira imeneyo. Yaifupi ndiye kuti akufuna amayi kapena tiyi. Yaitali ndiye kuti wina walakwa. Ine lero ndalandira yaitali.

Chifukwa chake: ndinalowa ndi tepi. Ndayeza kutalika kwa bedi, mpata wa kunsi kwake, chikuku. Kenako ndinayamba kuwayeza iwowo, kuchokera m'khwapa mpaka m'mawondo, ndikunamizira kukonza bulangeti. Anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira osewera odzigwetsa dala.

"Bokosi?" anatero. "Sindinafe."

Ndinawafotokozera. Ndinatulutsa mpaka foni, kuwaonetsa chithunzi, kuchizunguliza, kutchula makilogalamu amene chinganyamule. Ndimalankhula ngati wotsatsa malonda m'basi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha: "Ine. Si. Thumba. La simenti." Wezulo yaitali. Nkhope kuzenera.

Kukhitchini amayi akuti, "Usawamvere, udzangobweretsa." Atakhala pang'ono akuti, "Koma ukanayamba ndi kuwalonjera bwinobwino, tepi pambuyo."

Ndinawalonjera. Ndikuganiza kuti ndinawalonjera.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndikupanga makina amene mwini wake wawakana kale. Thewera ndatenga.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndikulemba zilembo zikuluzikulu ngati mwana wa sitandade wani, maso sakulola.

Dzulo P. amawotcherera miyendo ku mzati, ine ndinaima pambali kuti ndione ngati akutsata mzere. Chigoba chotchinga kumaso ndinali nacho, m'manja. Ndimangosuzumira kamphindi, poti ukavala mzere suoneka bwino. Anandiuza kuti ndivale, anabwerezanso. Ndinamuyankha kuti mayeso a chitetezo cha mu wekishopu ndinakhoza kuposa iye. Ndi zoona, ndinakhoza.

Ndadzuka maso ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu. Kuchipatala cha pasukulu anesi sanandifunse n'komwe chachitika, anangoti, "Wa makina?" Andipatsa mankhwala odonthezera. Phunziro la kapangidwe ka zinthu m'fakitale ndalimvera nditavala magalasi akuda ngati woimba. Wina kumbuyo: "Milimita watchuka, sakutionanso."

Komabe ndi maso ofiira omwewa ndaona kuti mwendo wakumanzere P. wauwotcherera mokhota. Nyamalikiti ukaikankha imakokera kumanzere ngati galu wofuna kukanunkhiza mtengo. P. akuti ndi khalidwe lake, tisailowerere.

Lachisanu, 17 Okutobala

Tayesa ndi matumba a mchenga olemera kuposa abambo.

P. amapukusa, ine ndimamvetsera kadzino. Kadzino ndi kachitsulo kamene kamakola mano a giya kuti katundu asabwerere pansi ukasiya chopukusira. Ndinakajambula ndekha, kowonda, kokhota mokongola, masamu ake masamba ndi masamba. A Dok. anandifunsapo ngati sikanachepe, ine ndinawayalira masamuwo pa tebulo mpaka anatopa.

Kamalira bwino, tche, tche, tche. Matumba anakwera mpaka kufika m'chifuwa mwanga. P. anasiya chopukusira, anakweza manja ngati wagoletsa. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kukonza mmene ndidzayankhire modzichepetsa akamadzatiyamikira. Kenako tinati tiikankhe tione mmene ikuyendera ndi katundu. Teyala linagunda mng'alu wa simenti, matumba anadumpha pang'ono, thoo, kadzino kanathyoka. Matumba pansi, phii, limodzi linaphulika. Chopukusira chinazungulira chokha mwaukali, chinamuphonya P. pachibwano pang'onong'ono.

Masamu anga anali a katundu wokhala phee, pansi posalala ngati galasi. Pansi potero pamapezeka mu kompyuta mokha.

Anthu anathamangira kudzaona, ena akuseka. Ine ndimangoyang'ana thumba lophulikalo, mchenga ukutuluka pang'onopang'ono pambali. Ndinakhala pansi pomwepo.

P. anabalalitsa anthu, anabwera ndi tsache. Ndinamuuza, "Ndi cha bambo anga."

Anapitiriza kusesa. "Ndikudziwa."

Ndati wadziwa bwanji. Akuti, "Pulani imene unanditumizira tsiku loyamba unaitcha 'abambo yomaliza yeniyeni'. Kalasi yonse ikudziwa. Umayesa makina osemera anzathu anakusiyira tsiku lonse lija chifukwa chokuopa?"

Chinsinsi changa chachikulu. Ine kumayenda pasukulu pano ngati kazitape.

Atamaliza kusesa akuti, "Mwendo uja ndiudula, ndiuwotchereranso. Ndiyeza." Ndamubwereka tepi yanga. Sindinaibwerekepo munthu chiigulireni.

Loweruka, 18 Okutobala

A Dok. atitsegulira wekishopu ngakhale ndi Loweruka. Ndinawatengera zidutswa za kadzino m'manja ngati mwana wathyola kapu ya alendo. Anazitembenuza, anandionetsa pamene mng'alu unayambira, pakona pomwe ndinapakongoletsa. Ndimadikira kuti anene kuti anandiuza. Anangoti, "Kathyoka pa tsiku labwino, kathyokera mchenga. Zilembeni mu lipoti, osabisa." Kenako, ali pakhomo: "Masamba aja musataye, kumbuyo kwake n'koyera."

Kadzino katsopano n'konenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Konyansa. P. akuti kafanana ndi iye ndipo akukanyadira. Tawonjezeranso buleki, kuti ngakhale china chitathyoka munthu azitsika pang'onopang'ono. Maganizo a bulekiyo ndi a P., masamu ndi anga, ndipo ulendo uno ndawerengera mng'alu, chopunthwitsa, ndi munthu woyetsemula ali m'mwamba.

Mwendo wawongoka. Ndayeza mobisa iye atapita kukasamba m'manja. Wakwana ndendende. Sindimuuza, angazolowere.

Lamulungu, 19 Okutobala

Amayi aimba. Anayamba ndi za mvula, za mwana wa achimwene amene wayamba kuyenda, ndiye ndinadziwa kuti pali nkhani.

Dzulo m'mawa msana unawagwira ali pakati powadzutsa abambo, anagwa onse awiri pakati pa bedi ndi chikuku. Palibe wavulala kwenikweni, amayi chigongono chokha chasupuka. Koma analephera kuwadzutsa, ndipo foni ya achimwene imangoitana. Anakagogoda kwa aneba. Bambo wa nyumbayo ndi mlamu wake anawapeza abambo ali pansi, atavala kabudula wamkati yekha. Anawanyamula, wina kumiyendo wina kumapewa. Mmodzi, pofuna kuti pasakhale chete, anati, "Lero khadi yofiira ndi yanu, akuluakulu." Abambo sanadye tsiku lonse. Wezulo sinalire.

Ndati ndibwere. Amayi akuti, "Ubwere ndi chinthu chakocho. Wekha ndiwe wowonda ngati ine ndemwe, tidzangogwa atatu."

Ndafufuza choseketsa choti ndilembe apa. Palibe.

Lolemba, 20 Okutobala

Tsiku lonse kuizunza Nyamalikiti. Taikweza matumba, taigunditsa dala pa mng'alu uja, taigwedeza, P. waimenya theche. Ili nji. Pomaliza P. akuti tisiye, chimene chithyoke ndi simenti ya sukulu. Mawa mayeso. Ndasita ovolosi, chinthu chimene palibe munthu wanzeru anachitapo.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Takhoza. Ndilembe kaye zimenezo zisanakwiririke ndi zinazi.

Oyesa anali a Dok., mayi wina injiniya wochokera ku fakitale, ndi apulofesa aja amagona maso ali otsegula. Matumba anakwera, anatsika, tinagwedeza, palibe chinachitika. Za kadzino koyamba ndinafotokoza ndekha asanafunse. Ndinayamba kupuma bwino. Kenako mayi wa ku fakitale anati, "Mchenga taona. Nanga munthu?" P. anali pa chopukusira. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinakhala pa lona, P. anakoleka zingwe. Tche, tche, tche. Mapazi anachoka pansi.

Pa pulani yanga palibe pamene panalembedwa zimene zimachitika mapazi akachoka pansi. Lona amakupinda pakati, mawondo amabwera kuchifuwa, matako ali lende. Ovolosi yosita ija inakwera n'kundifinya malo osatchulika. Manja amafuna chogwira, palibe, ndinagwira mpweya, kenako m'mphepete mwa lona. Wopukusa ali kumsana kwako, sumuona, sudziwa ngati akukukweza kapena wapita kukamwa tiyi. Ndiye ndinayamba kuzungulira. Pang'onopang'ono. Apulofesa anadzidzimuka n'kufunsa chifukwa chimene tinasankhira chitsulo cha mtundu umenewu pa mkono. Ndinayamba kuyankha ndikuwayang'ana, ndinamaliza ndikufotokozera chozimitsira moto cha pakhoma. Funso lachiwiri ndinalilandirira kumsana. M'mazenera munali mitu yokhayokha ya a chaka choyamba.

Mayi uja anayandikira, anandigwira bondo kuti ndisiye kuzungulira. "Mukumva bwanji?"

Ndimafuna kunena za makilogalamu. Pakamwa panatuluka, "Nditsitseni."

Analemba kenakake, osamwetulira.

Panja P. amaimbira foni aliyense amene anamubala, kumulera kapena kumudutsa pamsewu. Ndimamva amayi ake akululutira mu foni. Ine ndimangomvabe lona m'ntchafu. Abambo sanachikwerepo, anangoona chithunzi pa foni, koma anadziwa. Ine ndachijambula miyezi yonseyi, mbali zonse, kupatula mbali ya munthu wokhalapo.

Lachitatu, 22 Okutobala

Anzathu apita kukasangalala, ife tabwerera ku wekishopu. A Dok. anasuzumira, akuti malikisi alowa kale, chimene tingasinthe panopa sichiwonjezera kanthu. Ndati ndikudziwa. Anaima pang'ono, kenako akuti Nyamalikiti ikhoza kupita kwathu, bola ndizidzawauza mmene ikugwirira ntchito.

Tasintha: pokolekera, kuti wokhalapo aziyang'anizana ndi wopukusa ndipo asazungulire. Chitsulo chogwira kutsogolo, chakumanzere, komwe kuli dzanja lamphamvu. Lona ndabwerera naye kwa atelala, amukulitsa, aikamo siponji. Sanatchulenso thewera, ndinalowa ndi nkhope yosaseka.

Ndakwera kambirimbiri lero moti a Dok. pomaliza amadutsa osayang'ananso. Kuli bwinoko. Koma kulendewera ndi kulendewera basi.

Lachinayi, 23 Okutobala

Ndamufunsa P. chifukwa chake sanapite ndi anzake. Akuti akufuna adzaone ngati ine ndingathe kunena zikomo popanda kuwonjezera "koma". Ndati zikomo. Tinadikira tonse awiri. Ndinapirira.

Loweruka, 25 Okutobala

Achimwene anabwera ndi pikapu. P. anakwera kumbuyo atakumbatira khosi la Nyamalikiti, akuti ingachite mantha, sinayendepo pamsewu.

Pakhomo lalikulu inalowa. Pabalaza inadutsa. Pakhomo la kuchipinda inaima. Miyendo yatambalala kuposa khomo.

Ndinayeza bedi. Kunsi kwa bedi. Chikuku. Ntchafu za abambo anga ondibala. Khomo ayi.

P. anayang'ana khomo, anayang'ana ine, milomo ikunjenjemera. Ndati nena, usaphulike. Akuti, "Yalowa. Pafupifupi." Achimwene anaseka mpaka kutsamira khoma. Amayi anangoti, "Sukulu yonseyi, mwanawe."

Tachotsa chitseko, sizinakwane. Tachotsa thabwa limodzi la felemu, pulasitala wina watsatira yekha osaitanidwa. Yalowa. Amayi apachika katani pamene panali chitseko. Nthawi yonseyi abambo ali pa chikuku, nkhope kuzenera, ngati tikugogoda nyumba ya eni. P. anavula chipewa, anawalonjera mwaulemu. Iyeyo abambo anamuyankha. Ine ayi.

Anthu atatuluka ndinakhala pabedi pafupi nawo. Foni sindinatulutse. Ndinawauza kuti ndinakwerapo pamaso pa anthu, ndinazungulira ngati malaya pa chingwe, ndinayankha mayeso ndi kumsana. Ndati n'zochititsa manyazi, zina ndakonza koma manyazi onse sindinathe kuwachotsa. Ndati sindiwakakamiza. Wezulo sanaigwire.

Madzulo ndinapeza amayi atayanika matawulo pa mkono wa Nyamalikiti. Akuti pamenepo amauma msanga. Digiri yanga yapeza ntchito.

Lamulungu, 26 Okutobala

M'mawa tinawadzutsa pamanja, achimwene ndi ine. Achimwene ananyamula, ine ndinagwira phazi limodzi n'kumapereka malangizo.

Masana amayi anachotsa matawulo. "Tandionetsa, ndisadzachiphunzire iwe uli kutali." Ndinawaonetsa mmene angalowetsere lona kunsi kwa munthu wogona, kumugubuduza uku kenako uku, ndi mokolekera zingwe. Ndati tiyesere ndi ndowa za madzi. Akuti, "Ndikhalapo ine. M'nyumba muno ndanyamula aliyense, m'mimba, kumsana, paphewa. Palibe anandinyamulapo." Anakonza siketi, anakhala pa lona.

Ndikukoleka zingwe ndinamva chikuku chikukwekwereza. Abambo amadzikankha ndi phazi lamanzere, pang'onopang'ono, mpaka anafika pa mzati. Ndimayesa akufuna kutuluka, ndinati ndiwapatse njira. Anandisuntha ndi chigongono. Anagwira chopukusira.

Tche. Tche. Tche. Dzanja limodzi, ndipo silinavutike. Magiya aja ndinawawerengera bwino, pamenepo pokha ndidzitame. Amayi anakwera atagwiritsa chitsulo chakutsogolo, maso ndi maso ndi amuna awo, mapazi akupalasa m'mwamba. Silipasi imodzi inagwa.

"Basi, bambo. Basi."

Tche. Tche. Anasiya chopukusira, anaika dzanja pamimba, anatsamira n'kumawayang'ana.

"Nditsitseni, mphika upserera."

"Pemphani. Bwino."

"Inu, ndikatsika pano muona."

"Mutsika. Bwanji?"

Amayi anayamba kuseka, lona yense akugwedezeka, ine mtima uli pa kadzino. Abambo mbali imodzi ya pakamwa inakwera, mapewa akugwedera. Anawasunga m'mwambamo mpaka amayi anapempha bwino, ndi chonde yemwe. Ndinawaonetsa pokanikiza buleki, anawatsitsa okha, mosamala, mpaka zala za amayi zinakhudza pansi. Mphika unapsereradi, tadya zonunkha utsi.

Madzulo achimwene anabwera, anawanyamula pamanja kuwagoneka monga mwa masiku onse. Za makina palibe anatchula. Nanenso ndinatseka pakamwa, ngakhale panali povuta.

Lolemba, 27 Okutobala

Ndinalawirira kuti ndiwathandize amayi kudzutsa abambo ndisanakakwere basi. Ndili kubafa ndikutsuka mkamwa ndinamva tche, tche, tche. Ndimayesa amayi akuyeserera okha. Kenako mawu a abambo: "Pang'ono. Pang'ono. Imani."

Ndinakaima kuseri kwa katani, mswachi m'manja, thovu mkamwa. Kulowa ndimaopa, kuchoka ndimalephera.

"Ndipitirize?" amayi.

"Eya."

Tche. Tche. Bedi linalira mmene limalirira munthu akachokapo. Kenako abambo, mokweza:

"Injiniya. Mapazi. Akuoneka."

Katani ya amayi ndi yaifupi.

"Lowa. Chikuku. Chili kutali."

Ndinameza thovu, ndinalowa. Anali m'mwamba, bulangeti pamawondo, atagwira chitsulo ndi dzanja lamanzere ngati munthu woimirira m'basi yodzaza. Amayang'ana amayi, osati ine. Amayi anaima chowongoka, dzanja limodzi pa chopukusira, lina m'chiuno. Ndinakankha chikuku mpaka kunsi kwawo, ndinamanga mateyala.

"Tsitsani," anatero abambo. Amayi anatsitsa.

Basi yoyamba yandisiya. Ndikulemba izi ndili pakhonde, mkamwa mukuwawabe mankhwala otsukira mano. M'nyumbamo akukangana, abambo akuti amayi amapukusa mothamanga.